Zikho Zitatu za Kochi Njobvu

Ku komboni ya Chawama kunalibe munthu amene sankamudziwa Enos Njobvu. Ntchito yake yeniyeni inali yophunzitsa za mapaipi pa koleji ina ya zaumisiri kufupi ndi msewu wa Kafue, koma ndi ochepa amene ankakumbukira zimenezo. Onse ankangoti ba Kochi. Akamadutsa pamsika ndi njinga yake, amayi ogulitsa kapenta ankamuitana, makondakitala ankamukwezera dzanja, ndipo masiku aja anthu ankaima pamzere kuyambira m'mawa kudikira sopo ndi mafuta ophikira, pankapezeka ndithu wina womukokera kutsogolo.

Ulemu wonsewu unabwera ndi mpira. Timu ya kolejiyo inatenga chikho cha makoleji zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1979 mpaka 1981. Enos analoweza masewero onse a zaka zimenezo. Ukamufunsa, ankakuuza amene anagoletsa, mphindi yake, ngakhale mbali imene mphepo inkachokera.

Koma Enos yekha sakanafika pamenepo, ndipo iye ankavomera. Womuthandiza wake anali Kasoma, mwamuna wa ku Mufulira amene anasewerako mpira kumigodi bondo lisanamuthere. Kasoma anali ndi diso. Loweruka lililonse ankayenda m'mabwalo afumbi a ku Kanyama, ku Matero ndi ku George, n'kumaima pambali manja ali m'thumba. Akaona mnyamata wodziwa mpira amene wamaliza Fomu Faifi koma akungokhala, ankapita kwa makolo ake, n'kumupezera malo pa koleji. Makolo ankamudalitsa. Analinso katswiri wothowa minofu. Kuseri kwa nyumba yophunziriramo ukalipentala kunali kachipinda kosungiramo majezi ndi mipira, ndipo m'menemo ndi mmene ankathowera osewera ovulala. Kiyi wa kachipindako ankasunga yekha.

Mmodzi mwa anyamata amene Kasoma anawapeza anali Moven Miti wa ku Kanyama, wazaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wowonda, wosalankhulalankhula. Makolo ake anali atamwalira, ndipo anamulera ndi mlongo wake Ennie, wogulitsa tomato pamsika. Moven akagwira mpira kutsogolo, oteteza ankagwa okha.

Lamlungu lina mu Ogasiti 1980, patatsala milungu iwiri kuti kuseweredwe fainolo, Enos anali khale pakhonde atangobwera kutchalitchi pamene anaona Ennie akulowa pampanda, Moven akutsatira pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Maud, mkazi wa Enos, anawapatsa mipando n'kubwerera m'nyumba.

"Ba Kochi, mwana uyu ali na mawu," anatero Ennie. "Masiku atatu sakudya. Kamba, Moven. Kamba monga mwamene unaniuzila ine."

Moven anayang'ana zala za kumapazi kwake. Analankhula motsitsa, mawu akuduka, mwakuti Enos anachita kusendeza mpando. Anati ba Kasoma akamuitanira m'kachipinda kaja amakhoma chitseko. Anati poyamba kunali kuthowa bondo basi, koma kenako manja anayamba kupita kwina, ndipo pambuyo pake zinaposa manja. Anati atakana, anauzidwa kuti amene anamulowetsa pa koleji angathenso kumutulutsa. Zina sanathe kuzitchula. Anangoti, "Vinthu voipa, ba Kochi," n'kusiya pomwepo.

Enos anadziwa nthawi yomweyo kuti mnyamatayo sakunama. Anakumbukira Kafula, goloboyi amene chaka chapitacho anangosowa pakati pa temu osatsanzika, nsapato zake za mpira n'kuzisiya pa benchi. Anakumbukiranso masiku angapo amene anagogoda pakachipindako n'kudikira nthawi yaitali chitseko chisanatseguke.

"Mwachita bwino kubwera," anatero. "Nkhaniyi isiyeni m'manja mwanga. Musauze wina aliyense, ingaipe isanakonzedwe."

Ennie anagwada n'kuwomba m'manja. "Ndimwe atate bake, ba Kochi. Tilibe wina."

Atachoka, Maud anatulukira pakhomo. Makoma a nyumba yawo anali opyapyala, ndipo anali atamva zonse.

"Atate a Felistus, mupita liti kupolisi?"

"Zinthu zili ndi njira yake," anayankha Enos. "Pa koleji pali akuluakulu."

Lolemba m'mawa anakumana ndi mkulu wa kolejiyo, bambo Chileshe, pakhonde la maofesi. Enos anali atakonza mawu m'njira monse, koma atafika pamaso pa bwana mawuwo anachepa. Anangoti pali dandaulo lokhudza ba Kasoma ndi mmodzi wa anyamata, dandaulo lochititsa manyazi. Bambo Chileshe sanafunse dzina la mnyamatayo. Sanafunse kuti manyazi ake ndi otani. Anayang'ana uku ndi uku, n'kumugwira Enos pachigongono.

"Ba Njobvu, mukudziwa kuti a Gavanala adzakhalapo pa fainolo. A Chipani akonza kale magule. Nkhani yotere ikatuluka sabata ino, si Kasoma yekha amene agwe. Tiyeni fainolo idutse, tidzakhale pansi bwinobwino."

Enos anatsika masitepe aja mtima utapepuka, ndipo kupepuka kumeneko ndi kumene kunadzamuvutitsa kwambiri m'zaka za m'tsogolo. Anadziuza kuti wanena. Katundu wamutula kwa mwini wake. Madzulo a tsiku lomwelo anali pabwalo ndi wezulo pakamwa, Kasoma ali pambali pake akuthamangitsa anyamata.

Fainolo anapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo zonse ziwiri anagoletsa ndi Moven. Wezulo womaliza atalira, anthu anakhamukira m'bwalo. Enos anaona Kasoma akuthamanga motsimphina, n'kumukumbatira Moven pamaso pa khamu lonse, ndipo anaona mnyamatayo atauma ngati mtengo, manja ali lende, maso akufunafuna wina. Masowo atamupeza Enos, iye anatembenuka, chifukwa a Gavanala anali akumutambasulira dzanja.

Kukhala pansi kuja sikunachitike. Sabata yoyamba kunali madyerero. Yachiwiri bambo Chileshe anapita kumsonkhano ku Kabwe. Kenako mayeso anayandikira. Enos akakumana ndi bwana wake ankapatsana moni wautali, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe, ndipo palibe anayamba. Chimene Enos anachita n'chimodzi chokha. Tsiku lina akuwerenga majezi ndi Kasoma, ananena ngati zongodutsa kuti kachipindako kamatentha, ndi bwino chitseko chizikhala chotsegula pothowa anyamata. Kasoma anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka.

"Mwakamba zoona, ba Kochi. Kumapsa muno."

Moven sanabwerenso temu yotsatira. Anthu akafunsa, Enos ankati mwina wapeza ntchito kumigodi. Ananena zimenezi kambirimbiri mpaka anatsala pang'ono kuzikhulupirira. Maud anafunsa kawiri, kachitatu anangomuyang'ana mwamuna wake, ndipo sanafunsenso. Chaka cha 1981 anatenganso chikho.

Nkhani inaphulika mu Okutobala 1982. Mnyamata wina wa chaka choyamba, Ngosa, anauza bambo ake, ndipo bambo akewo anali sajeni wa polisi. Iwo sanapite kwa kochi kapena kwa mkulu wa koleji. Anabwera ndi galimoto pabwalo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumunyamula Kasoma anyamata onse akuona. Pasanathe mwezi, anyamata ena asanu anakaonekera kupolisi, Kafula ali m'gulu lomwelo. Chikomekome cha nkuyu, anthu anatero m'mabasi, m'kati muli nyerere.

Bungwe loyendetsa masewero a makoleji linakumana, ndipo linalemba kalata. Linati popeza osewera a zaka zitatu zija anasonkhanitsidwa ndi kusungidwa ndi munthu amene ankawazunza, zotsatira zonse za timuyo kuyambira 1979 mpaka 1981 zafufutidwa. Anabwera amuna awiri ndi sikuludiraiva, n'kumasula pachikho timapuleti titatu tolembedwa dzina la koleji. Enos anaimirira pomwepo akuona.

Chimene chinamugwira tsiku limenelo sichinali chisoni, koma mkwiyo. Anafika kunyumba akutukutira.

"Masewero makumi anayi ndi awiri!" anauza Maud. "Tinawapambana pabwalo, anthu akuona. Kodi Kasoma ndi amene ankamenya mpira? Anyamata anakhetsa thukuta, ena anathyoka miyendo. Munthu mmodzi walakwa, alange onse?"

Maud anali akusita yunifolomu ya mwana wawo Felistus. Sanadzutse mutu.

"Mmodzi?" anafunsa.

Enos anachita ngati sanamve. Anakhala patebulo n'kulemba kalata yodandaula ya masamba atatu, yopempha bungwe kuti libweze zotsatirazo chifukwa cha osewera osalakwa. Pansi anasiya malo oti osewera akale asaine. Milungu itatu anayenda ndi njinga m'makomboni, ku Matero, ku Mtendere, ku Kaunda Square, ndipo ambiri anasaina mokondwa, ena mpaka kumuperekeza. Mayina atakwana makumi atatu, anaona kuti pakusowa limodzi. Bungwe likanafunsa kuti nanga amene anagoletsa zigoli za fainolo ya 1980 ali kuti. Anadziuza kuti Moven ndi amene walandidwa kwambiri, ndipo ayenera kupatsidwa mpata.

Inali Januwale, ndipo Kanyama anali m'madzi monga mwa chaka chilichonse. Enos anasiya njinga pa golosale ina, napinda buluku, n'kumadumpha pamiyala imene anthu anaika m'njira. Atafunsafunsa anamupeza Moven pansi pa kashedi ka malata m'mphepete mwa msewu, akudula mgolo wakale ndi tchizulo. Ankapanga mbaula. Zomalizidwa zinali zitasanjidwa pambali, zisanu ndi chimodzi. Mnyamatayo anali atakula m'mapewa, ndipo manja ake anali ndi zipsera.

Atamuona Enos, Moven anaika hamala pansi, n'kupukuta chitini chopanda kanthu kuti mlendo akhalepo.

"Ba Kochi. Mwayenda m'madzi."

Enos anafunsa za Ennie, anafunsa za malonda, anadandaula za mvula. Kenako anatulutsa kalata ija m'pepala la pulasitiki n'kufotokoza. Analankhula nthawi yaitali. Anati zigoli ziwiri zija, makamaka chachiwiri cha mutu chija, palibe munthu wa muofesi amene ali ndi ufulu wozifufuta. Moven anawerenga masamba onse atatu pang'onopang'ono, n'kuwerenganso mayina.

"Ndiye mwabwelela siginecha," anatero.

"Ndi zigoli zako, mwana wanga."

Moven anatembenuza tchizulo m'manja. Basi inadutsa n'kuthira madzi amatope pafupi ndi mbaula zija.

"Nifunseko chinthu chimodzi, ba Kochi. Sondo ija tinabwela kwanu na ba Ennie. Munanikhulupilila?"

Enos akanatha kunama. Bodzalo linali kale pakamwa. Koma mnyamatayo ankamuyang'ana mopanda ukali, ngati munthu wofunsa njira.

"Ndinakukhulupirira," anayankha. "Tsiku lomwelo."

Moven anagwedeza mutu kangapo.

"Zaka ziwili nakhala niganiza kuti sininakambe bwino. Kuti mwina manyazi yananigwila, simunamvetse. Ba Ennie banali kukamba kuti mwatigulitsa, ine n'kumakuikilani kumbuyo. Nenze kukamba kuti ba Kochi sibangachite, vuto ni ine, ninakamba monga mwana." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Kansi munamva vonse."

"Ndinakauza ba Chileshe. Lolemba lomwelo ndinapita."

"Na ba Kasoma munabauza."

"Ayi! Sindinatchule dzina lako kwa munthu."

"Munabauza vya chitseko. Tsiku lamene lija bananiitana. Banati, ba Kochi bakuti muno mukupsa. Banatsegula chitseko, baseka, bakhomanso. Banati, waona manje? Wapita kwa mnzanga, mnzanga wabwela kwa ine. Uzapita kwa ndani?"

Mawu aja a chitseko Enos anali atawasunga mumtima zaka ziwiri ngati umboni woti iye anachitapo kanthu.

"Uja Ngosa nimudziwa," anapitiriza Moven. "Mng'ono wa mnzanga. Pamene tinabwela kwanu anali akali ku sekondale."

Anapinda kalatayo bwinobwino motsata mizere yake, anaibwezera m'pulasitiki kuti isanyowe, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Sinizasaina. Vigoli mukavifuna tengani, ine nilibe navo nchito. Muyende bwino, ba Kochi, ku njanji uko madzi ni yambili."

Anatola hamala. Pamene Enos ankaimirira, phokoso la chitsulo linali litayamba kale.

Pobwerera sanadumphenso pamiyala. Anangoyenda m'madzi ndi nsapato zake, n'kukankha njinga mpaka ku Chawama osakwera. Maud atamuona anamutenthetsera madzi, ndipo Enos atasamba anakhala pabedi n'kumufotokozera zonse, kuyambira pakhonde la maofesi mpaka pa chitseko.

"Nanenso ndinamva tsiku lija," anatero Maud. "Miyendo ndinali nayo. Polisi ndimaidziwa pamene ili."

Kalata ija sinatumizidwe. Osewera ena akale ankabwera kudzafunsa kuti yafika pati, ndipo Enos ankawauza kuti wasintha maganizo. Ena anakwiya, poti anali atauza kale anzawo kuti zikho zibwerera.

Mlandu unalowa m'khoti mu Epulo. Bambo Chileshe anali atalemba kale kupolisi kuti pa koleji panalibe amene ankadziwa kanthu, ndipo Enos, atafunsidwa mu Okutobala muja, anali atanena chimodzimodzi. Palibe mnyamata amene anamutchula, pakuti Moven sanapite kupolisi. Enos akanangokhala chete, nkhani ikanamudutsa. Koma kutatsala masiku anayi anapita yekha kwa wapolisi woimira boma pamlanduwo n'kumuuza kuti mawu ake oyamba anali abodza. Anapempha chinthu chimodzi, kuti dzina la mnyamatayo lisatchulidwe pagulu.

M'khoti munadzaza. Kasoma anakhala m'bokosi atavala jekete lake la timu, ndipo Enos atalowa anamumwetulira ngati akumana pabwalo. Enos anafotokoza za Lamlungu lija ndi za Lolemba lake. Loya wa Kasoma, pofuna kuonetsa kuti mboniyo ndi yosadalirika, anaimirira n'kufunsa mokweza.

"Mukuti munakhulupirira kuti wophunzira wanu akuchitidwa zimenezi. Ndiye mutachoka kwa mkulu wa koleji munachita chiyani?"

"Ndinapita kubwalo."

"Kukatani?"

"Kukasankha timu ya fainolo."

M'khoti munamveka kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo anatukwana m'Chibemba mpaka wapolisi anamutulutsa. Enos anamva pambuyo pake kuti anali mayi ake a Ngosa.

Kasoma anamangidwa zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo Chileshe anakana mpaka mapeto kuti kukambirana kwa pakhonde kunachitika, ndipo anasamutsidwira ku ofesi ina. Enos analandira kalata yomuchotsa ntchito mwezi wotsatira. Ku Chawama anthu anagawikana. Ena ankati ndi mfiti yodyera ana a eni. Ena ankati ndi chitsiru chodziwotcha chokha moto utazima kale, ndipo anachititsa manyazi koleji kachiwiri. Panalibe amene ankati wachita bwino, ndipo iye sankayembekezera zimenezo. Dzina la ba Kochi linatha pang'onopang'ono. Anayamba kuyenda ndi chikwama cha zipangizo m'mayadi a ku Kabwata ndi ku Libala, kukonza mipopi yodontha ndi zimbudzi zotsekeka. Mpira ukamaulutsidwa pa wailesi m'nyumba imene akugwiramo ntchito, ankapempha mwaulemu kuti atsitseko.

Kawiri analembera Moven kalata yopepesa. Yoyamba anaing'amba yekha ataona kuti masamba awiri onse akufotokoza za iye mwini. Yachiwiri inali ya mizere inayi, ndipo anakaisiya kwa Ennie pamsika. Ennie anailandira ndi nsonga za zala, anaiika pansi pa mulu wa tomato, n'kuitana kasitomala wina. Yankho silinabwere.

Mu 1988 Moven anakwatira mtsikana wa mumpingo wa Maud. Amayi a chigwirizano anapemphedwa kukaphika, ndipo Maud anapita nawo. Enos anatsala pakhomo tsiku lonse akumanga mpanda umene sunali wothyoka kwenikweni. Maud anabwera chakumadzulo dzuwa lisanalowe, mapazi atatupa, atanyamula kambale ka nkhuku ndi mpunga.

"Zinayenda bwanji?" anafunsa Enos.

"Bwino. Anthu anadya, chakudya n'kutsala. Mnyamata uja wanenepa, ali ndi shopu yake tsopano, akuwotcherera mageti. Analemba ntchito anthu atatu. Anavina mpaka jekete kung'ambika m'khwapa, Ennie akulira ndi kuseka nthawi imodzi."

"Anakuonani?"

"Anandiona. Anabwera kumene tinkaphikira kudzathokoza, anatigwira chanza tonse mmodzimmodzi."

Enos anazunguliza waya pamtengo, n'kuukoka ndi pulayala.

"Anafunsa za ine?"

Maud anamuyang'ana mwamuna wake, imvi zitayamba kale m'mbali mwa makutu, ndipo anaganiza zomunamiza. Koma m'nyumba imeneyo anali atasiya zonamizana.

"Ayi," anatero. "Sanafunse."

Enos anagwedeza mutu. Anati ndi bwino kuti ali ndi shopu, mageti ali ndi msika masiku ano akuba achuluka. Kenako anasamba m'manja, anakhala pakhonde, ndipo awiriwo anagawana nkhuku ija.